Za magitala a pakwaya yathu ndi timipata ta pakati pa makiyi

 Lero za mtengo wa nandolo ndi za makuponi tazipumitsa kaye. Nkhani ili pa gitala, ndipo ndi yaitali ndithu, ndiye amene bandulo ikukutherani sungani mudzawerenge mawa.

Ambiri mwamva kale kuti akuluakulu a kwaya ya kutchalitchi kwathu akuganiza zoti anyamata awiri a magitala aja akhale pansi. Akuti pa chikwati cha mwezi wamawa, ndi pa zoyimba zonse za chilimwe chino, kwaya iziyimba ndi ng'oma ndi maseche basi ngati kale. Amene ayambitsa dandaulo ndi amayi. Akuti akamayimba sakumvana, wotsogolera akaponya mawu sakumumva, ndipo nthawi zina akumalowa mochedwa chifukwa gitala ikungolira paliponse. Mmodzi mwa anyamatawo ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe inu a ku Ndirande munasonkherana n'kumugulira gitala ndi kasipika ka batire chaka chatha. Ndamuuza kuti ndilemba izi. Wati, "Lembani amalume, bola dzina langa lisaoneke." Ndiye dzina silioneka, ngakhale nonse mukumudziwa kkkk.

Ine ndikuti amayi akunena zoona. Ndakhala kumbuyo Lamulungu katatu ndikumvetsera, ndipo zimene akunenazo ndazimva ndi makutu anga. Koma kuchotsa magitala sindikugwirizana nako. Anyamatawa zala ali nazo, khutu ali nalo, makiyi amasintha bwinobwino osaphonya. Vuto lawo ndi limodzi, ndipo lingatheke m'masabata atatu. Vutolo lili pa timawu tokometsera timene woyimba rizimu amaponya pakati pa kiyi ina ndi inzake.

Ndifotokoze kwa amene simunagwirepo gitala. M'gulu loyimba muli ntchito zitatu za magitala: besi, lidi ndi rizimu. Rizimu ndi uja amakhwatcha nsambo zonse pamodzi, kugwira makiyi, amene anyamata a m'tauni amati ma chord, n'kumasunga mayendedwe a nyimbo. Ntchito yake ndi yonyozeka, palibe amamuombera m'manja, koma akasiya aliyense amadziwa kuti china chake chasowa. Tsono pali kamphindi kamene nyimbo ikuchoka pa kiyi ina kupita pa ina, kapena oyimba amaliza mzere akukoka mpweya. Pamenepo woyimba rizimu akhoza kusiya kukhwatcha pang'ono n'kudina timawu tiwiri, titatu, tinayi, kenako n'kubwerera pantchito yake. Pa mavidiyo a pafoni amati ma fill kapena ma lick. Ife amene tinaphunzirira pa gitala ya galoni yokhala ndi mawaya a mabuleki a njinga tinkangoti kuyankha. Woyimba wanena, gitala yayankha.

Timawu timeneti ndi tokoma, ndipo mwana akangotidziwa amafuna kutiika paliponse. Lero waona kena pafoni, mawa kena, zonse akufuna zilowe m'nyimbo imodzi Lamulungu lomwelo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma sindikufuna kungomuseka mphwanga, chifukwa pali chinthu chimene mavidiyo aja sangamuuze. Mzungu wa pavidiyo uja amakhala yekha m'chipinda, akuyimba yekha kapena osayimba n'komwe. Akamaliza mzere, mpata wonse umene watsalawo ndi wake, akhoza kuudzaza mmene angafunire. Zimene akuphunzitsazo si zabodza, zikugwirizana ndi nyimbo za kwawo.

Nyimbo zathu mpata umenewo nthawi zambiri uli kale ndi mwini wake. Tamvetserani kwaya iliyonse ya kuno. Ovomera akamamaliza mzere, wotsogolera amakhala waponya kale mawu a mzere wotsatira, ndipo kuponyako kumagwera ndendende pamene gitala ikufuna kukometsera. Pena ndi abambo a besi amene amayankha pansipansi pamenepo. Pena ndi wang'oma amene amagubuduza kuti tonse tidziwe kuti tikubwereza. Pa chikwati ndiye pali nthungululu, ndipo mayi woliza nthungululu sapempha chilolezo kwa aliyense. Ndiye mwana akaona kuti oyimba ambiri atseka pakamwa n'kuganiza kuti malo apezeka, amakhala akuponda mawu a wotsogolera. Amayi makumi awiri amene akudikira mawu amenewo kuti adziwe vesi yotsatira amangomva waya ukulira pa sipika. Kulowa mochedwa kuja kukuchokera pamenepo. Ambiri mwa amayiwa sayimba ndi buku m'manja, mawu amawatengera pakamwa pa wotsogolera.

Amene munakula tisanazolowere zigayo mukukumbukira amayi awiri akusinja mumtondo umodzi. Munsi wina ukamatsika wina umakhala ukukwera, ndipo akazolowerana amatha kuombanso m'manja munsi uli m'malere, osagundanitsa. Kuomba m'manjako ndiye kukometsera. Kumabwera pamene dzanja lilibe ntchito, ndipo chimanga chimapitirira kusinjika. Wina akati aombe m'manja nthawi yoti munsi wake utsike, mnzake amaphwanyidwa chala. Ntchito yoyamba ya woyimba gitala pakwaya ndi kukhala pansi, gitala ili pamiyendo osaigunda, n'kumvetsera nyimbo yonse kuti adziwe mipata imene ili ndi eni ake ndi imene ili yopanda mwini. M'nyimbo zambiri mupeza kuti yopanda mwini ndi umodzi kapena iwiri pa vesi yonse. Imeneyo ndiye yake.

Tsopano ndilembe za zala, chifukwa ndikudziwa kuti ana ena a m'midzi yoyandikana nafe amawerenga, ndipo si onse ali ndi munthu wowaonetsa. Nsambo tiziwerenga kuchokera pansi: yoyamba ndi kaja kowonda kwambiri kamene kamaduka msanga, yachisanu ndi chimodzi ndi yonenepa ya pamwamba. Timizere tachitsulo ta pakhosi pa gitala ndi mafureti, tikuwerenga kuchokera kumutu. Nyimbo zambiri za kwaya yathu anyamatawa amaziyimbira pa G, ndipo makiyi ake ndi atatu, G, C ndi D. Amene munaphunzira do re mi kwa aphunzitsi a kwaya zikupepukirani: tikakhala pa G, ndiye kuti G ndi do, C ndi fa, D ndi so. Nyimbo imachoka pakhomo pa do, kukacheza kwa fa kapena kwa so, n'kubwerera. Ikavuta kwa amayi kuti yatsika kwambiri, mumamanga kapo pakhosi pa gitala, kaya yogula kaya pensulo yomangidwa ndi mphira, zala n'kumagwira chimodzimodzi.

Kuyankha koyamba kumene mwana aliyense ayenera kudziwa ndi kuyenda pa nsambo zonenepa. Muli pa G, mukufuna kupita pa C. Werengani wani, thuu, fili, folo. Pa wani ndi thuu khwatchani G monga mwa masiku onse. Pa fili gundani nsambo yachisanu yokha osaidina. Pa folo idineni pa fureti yachiwiri. Wani wotsatira akamakwana, chala chili pa fureti yachitatu ya nsambo yomweyo, ndipo pamenepo mwafika kale pa C. Mwayimba re, mi, fa. Pobwerera ndi chimodzimodzi chobwerera m'mbuyo: fureti yachiwiri, nsambo yosadina, kenako G wa pa nsambo yachisanu ndi chimodzi, mi, re, do. Mukamachoka pa D kubwerera kwanu, gundani nsambo yonenepa ija osadina, kenako fureti yachiwiri, kenako yachitatu. Ndi la, ti, do. Aliyense amene anayimbapo kwaya akamva la, ti, thupi lake limadziwa lokha kuti do akubwera.

Chifukwa chimene ndimakondera kuyenda kumeneku kuposa zina zonse n'chakuti sikulimbana ndi munthu. Kuli pansi, kumene mawu a amayi safika, ndiye ngakhale wotsogolera ataponya mawu pamwamba pake amamvekabe. Chinanso, kumawathandiza oyimba. Mayi amene wasokonezeka kuti kodi tikukwera kapena tikutsika, akamva re, mi, amadziwa kumene nyimbo ikulowera asanafike. Zili ngati mwana amene amathamanga patsogolo kukanena kuti alendo afika pa mlatho. Chenjezo ndi limodzi: ngati abambo a besi akuyenda kale njira yomweyo ndi pakamwa, kapena pali gitala ya besi, musapikisane nawo. Muyende nawo limodzi ndendende, apo ayi asiyireni.

Apa ndiye pamene pagona nkhani, ndipo mphwanga ndamuuza kangapo. Dzanja lamanja lisaime. Ana ambiri akafuna kukometsera amaimitsa dzanja lokhwatcha, kuyang'ana zala za kumanzere, kudina timawu tawo, kenako n'kuyamba kufunafuna pamene nyimbo yafika. Kamphindi kameneko ng'oma yapita, amayi apita, iye akubwera pambuyo ngati wotsalira minibasi. Dzanja lamanja liziyenda pansi ndi m'mwamba ngati mwendo pa pedulo ya njinga, ngakhale pamene silikugunda nsambo zonse. Ndipo wani ndi wa kiyi yatsopano, zivute zitani. Mukaona kuti timawu tanu tinayi sitikwana, dulani kamodzi, dulani tiwiri, koma pa wani mufike. Munthu amene waphonya kokometsera palibe amadziwa. Amene waphonya wani tchalitchi chonse chimatembenuka.

Pali nyimbo zina zathu zimene wani, thuu, fili, folo sakwanamo bwino, zija zimayenda modumphira patatupatatu, zimene amayi amavina mogwedeza mapewa. Pa zimenezo siyani kuwerenga, mverani m'manja ndi phazi la wotsogolera. Pamene phazi lagunda pansi mwamphamvu ndiye pofikira panu.

Kuyankha kwachiwiri simuchoka n'komwe pa kiyi imene mwagwira. Muli pa C, nyamulani chala chapakati chimene chili pa nsambo yachinayi, gundani nsamboyo, kenako chimenyetseni chalacho pamalo pake mwamphamvu osagundanso ndi dzanja lamanja. Mawu amatuluka awiri pa kugunda kumodzi. Pa G chitani zomwezo ndi chala chamkombaphala pa nsambo yachisanu. Pa D pali kena kamene ana amakakonda kwambiri: kachala kakang'ono kadine nsambo yoyamba pa fureti yachitatu, kachotseni, nyamulaninso chala chapakati kuti nsambo ilire yosadina, n'kubwezera. Kameneka n'kokoma zedi, koma kali pamwamba, kufupi ndi kumene kuli mawu a amayi a sopulano, ndipo pa sipika kamaboola khutu. Mphwanga amakaika pa D aliyense amene wakumana naye. Nyimbo ya mavesi anayi ili ndi ma D mwina khumi ndi awiri, ndiye tangoganizani. Ndamuuza kuti asankhe D mmodzi, wa kumapeto kwa kolasi, enawo awasiye apite chete.

Chachitatu ndi chimene chimapangitsa gitala kumveka ya kwathu kuno. Ndi kugunda nsambo ziwiri nthawi imodzi, ngati sopulano ndi alito akuyendera limodzi. Tengani nsambo yachitatu ndi yachiwiri. Zonse zosadina ndi do ndi mi. Yachitatu pa fureti yachiwiri, yachiwiri pa fureti yoyamba, ndi re ndi fa. Sunthani, yachitatu pa fureti yachinayi, yachiwiri pa yachitatu, mi ndi so. Zonse ziwiri pa fureti yachisanu, fa ndi la. Kwerani, tsikani, muzimva nokha kuti izi munazimvapo pa wailesi. Oyimba a ku Congo anazipititsa patali kwambiri. Franco, amene gulu lake la OK Jazz linayamba mu 1956 ndipo iye anamwalira mu 1989, ankadziwika ndi kukoka nsambo ziwiriziwiri chotere ndi zala. Magulu a kumeneko anafika poika gitala ina pakati pa lidi ndi rizimu, yotchedwa mi-solo, ntchito yake kuluka m'mipata imene ena asiya. Koma mvetserani bwino nyimbo zawo zakale zija. Pamene oyimba akunena mawu, magitala amakhala odzichepetsa, akuyankha kumapeto kwa mzere. Amadzamasuka kutsogolo, pa sebene, pamene mawu atha ndipo anthu adzuka kuvina. Abale a ku Zimbabwe mukudziwa kuti sungura ya Alick Macheso nayo ili ndi nthawi imene mawu amaima magitala n'kutenga bwalo.

Ndipo sitikufunika kupita kutali. Ku Chileka, m'mudzi wa Singano, kunali Daniel Kachamba, amene anamwalira mu 1987. Iye ndi mng'ono wake Donald, woliza chitoliro uja, anakumana ndi Gerhard Kubik wa ku Austria mu 1967, ndipo chifukwa cha zimene Kubik anajambula, kayimbidwe ka Daniel mukhoza kukaona ndi maso mpaka lero. Fufuzani pafoni inu a bandulo zambiri. Bamboyo ankaliza ndi zala ziwiri, chachikulu ndi chamkombaphala. Chachikulu chikusunga besi osaphonya, chamkombaphala chikuyankha pa nsambo zowonda, pakamwa akuyimba. Ukatseka maso umaganiza kuti alipo awiri kapena atatu. Chimene ndimafuna ana aone pamenepo ndi chala chachikulucho, kuti ngakhale pamwamba pachitike zotani, icho sichisiya ntchito. Agogo athu a kuno ku Chiradzulu, a Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, nyimbo zawo zafika mayiko akutali ndi makiyi owerengeka ndi dzanja losatopa. Anyamata a Madalitso Band anachoka m'misewu ya Lilongwe n'kukayimba ku Ulaya ndi babatoni wa waya umodzi ndi gitala ya nsambo zinayi. Mphwanga ali ndi nsambo zisanu ndi imodzi ndi sipika, ndiye za zipangizo asadandaule.

Vuto lina pakwaya pathu n'lakuti magitala alipo awiri ndipo onse akuyankha nthawi imodzi. Uyu akutsika ndi timawu take, uyo akukwera ndi take, rizimu palibe akuigwira. Kamphindi kameneko nyimbo imakhala ilibe pansi. Izi n'zosavuta kukonza. Agawane: vesi yoyamba ndi yachitatu wina agwire rizimu yokhayokha, osakometsera ngakhale kamodzi, mnzake ayankhe. Vesi yachiwiri ndi yachinayi asinthane. Kapena wina atenge nsambo zonenepa, kuyenda kwa re, mi, fa kuja, mnzake atenge ziwiriziwiri za pamwamba koma pa kolasi pokha. Ndipo sipika itsike. Ngati woyimba gitala sakumva mawu a wotsogolera ali pomwe wakhalapo, ndiye kuti kumbuyo kwa tchalitchi sakuwamvanso.

Malo nawonso amasiyana. Pa chikwati, nthawi ya perekaniperekani, kolasi imodzi imabwerezedwa mpaka ndalama zithe m'matumba. Mawu aliyense akuwadziwa, wotsogolera mwina wapita kukamwa madzi, anthu akuvina ndi ma K500 m'manja. Pamenepo ana amasuke, akwere khosi lonse la gitala ngati akufuna, ndipo ndikudziwa kuti azakhali a ku Bangwe adzamufupa mphwanga. Kubwerezabwereza kopanda chosintha kumatopetsa ovina, ndiye gitala yoyankha mosinthasintha imawonjezera moto. M'tchalitchi pa nyimbo ya m'buku, kamodzi pa vesi n'kokwana. Pa maliro, usiku wochezera, ine ndimaona kuti kuyenda kwa pansi kuja ndi kokhako koyenera, ndipo pena ngakhale iko kukhale. Anamfedwa ali m'nyumba akumvetsera mawu a nyimbo, ndi mawuwo amene akuwagwira mtima. Ndinakhalapo pa maliro ena kutsidya kwa mtsinje kumene mnyamata wina, osati wa kwathu, ankathamangitsa zala pa nyimbo yotsanzika, mpaka gogo wina anatuluka m'nyumba ya siwa n'kumuuza kuti, "Mwanawe, kuno si kudansi." Mnyamatayo sanali wamwano. Palibe anali atamuuzapo.

Ndipatuke pang'ono pa za manja athu alimife, poti wina anandiseka kuti zala zogwira khasu sizingathe timawu tofewa. Khasu limalimbitsa chikhatho, koma nsonga za zala limazisiya, ndiye mlimi naye amamva kuwawa sabata zoyamba ngati wina aliyense. Chimene chimativuta kwenikweni ndi kuuma kwa zala. Ukachoka kokolola kapena koumba njerwa zala zimakhala ngati zikuni, makamaka mwezi wa June ndi July chiperoni chikagwa. Muziothe kaye pamoto, muzipinde ndi kuziwongola, muyambe ndi kukhwatcha chabe mpaka zifewe. Zikhadabo za kumanzere ziwengedwe. Nsambo muzizipukuta ndi kansalu kouma mukamaliza, chifukwa thukuta ndi chinyezi zimabweretsa dzimbiri, ndipo nsambo ya dzimbiri chala sichitsetsereka, kumenyetsa kuja sikumveka. Gitala isapachikidwe kukhitchini kapena kusiyidwa padzuwa. Khosi likapindika nsambo zimatalikira, ndipo timawu ta pa fureti yachinayi ndi yachisanu tija timayamba kumveka ngati tikunama.

Pempho langa kwa akuluakulu a kwaya, ndi ulemu wonse, ndi ili. Musawakhazike pansi anawa. Tipatseni Loweruka litatu chikwati chisanafike. Loweruka loyamba magitala akhale m'matumba, anyamatawo akhale pakati pa amayi ndi kope ndi cholembera, alembe nyimbo iliyonse pamene wotsogolera amaponya mawu, pamene besi imayankha, ndi pamene pali pokhapokha. Lachiwiri ayimbe rizimu yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, popanda kokometsera ngakhale kamodzi. Zidzawawawa, koma adzamva mmene nyimbo imakhalira ikakhala ndi pansi polimba. Lachitatu aloledwe kuyankha, koma m'malo okhawo amene analemba m'kope muja. Ndipo oweruza akhale amayi omwe anadandaulawo. Mayi wotsogolera akakweza dzanja kuti sanamveke, kokometsera ka pamenepo kachotsedwe, popanda mkangano. Akadzati zikadali chimodzimodzi, ine sindidzatsutsanso, magitala adzapume mpaka Khirisimasi.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa ndikudziwa kumene ana amapita akachotsedwa pakwaya. Gitala siibwerera m'thumba. Imapita pa tiredingi, pakhonde la bala, kumene aliyense amakuombera m'manja ukathamangitsa zala ndipo malipiro ake ndi kachasu. Tawaona ena a luso kuposa awa akuthera kumeneko. Panopa mphwanga Lachitatu ndi Loweruka madzulo amakhala kutchalitchi, ndipo mlongo wanga amagona tulo. Komanso midzi ingati yozungulira kuno imene ili ndi ana awiri otha kusintha makiyi osayang'ana zala? Kiyibodi imene ena akuinena ija ndi ndalama zambiri, ifunanso magetsi odalirika amene tilibe, ndipo woiliza naye akapanda kuphunzira kumvetsera adzaponda mawu a wotsogolera chimodzimodzi, mwinanso kuposa.

Dzulo madzulo tinakhala pakhonde ndi anyamata onse awiri, mlongo wanga akutiyimbira vesi imodzi mobwerezabwereza uku akusola nandolo. Tinayesa la, ti, do yekha kwa ola lathunthu. Mnzake wa mphwanga anagwira msanga. Mphwanga kachala kakang'ono kaja kankangothawira pa fureti yachitatu pakokha, mwini wake osakatuma, mpaka mayi ake anati akamanga ndi ulusi. Koma chakumapeto anadutsa vesi yonse, anayankha kamodzi, anafika pa wani, ndipo mayi akewo sanasiye kuyimba kuti amuyang'ane.

Loweruka tikumana 2 koloko pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi, ngati akuluakulu avomera mawa. Ana a midzi ina amene muli ndi magitala, ngakhale a galoni, bwerani, koma mubwere ndi kope. Inu a m'tauni amene mukubwera ku chikwati, wina atigulireko nsambo ku Limbe, paketi imodzi yathunthu ndi zoyamba zowonda zija ziwiri zapadera, chifukwa ya mnzake wa mphwanga ndi yolumikiza ndi mfundo. Ndalama ndidzabweza ndikagulitsa nandolo.